Dzanzi la chemo si lakuti munthu azingopirira

Asisi, dzanzi lomwe bambo akunyumbako akulimva m'zala ndi kumapazi chiyambireni chemo, mankhwala a khansa aja, musalitenge mwachibwana. Funsani dzina la mankhwala omwe akulandira. Akakuuzani kuti muli vincristine kapena paclitaxel, dziwani kuti gwero lake lingakhale limenelo. Ine vincristine ndi amene anandipha mapazi pomwe ndinkalandira thandizo la khansa ya lymphoma, ndipo ndikulemba izi mtima ukuwirabe.

Zinayamba ngati tinyerere tikuyenda kunsonga za zala. Kenako choko chikumangopulumuka m'manja ndili pa bolodi, ana n'kumaseka. Mabatani a malaya ankandimangira ndi mayi akunyumba. M'mimba namo munauma, kudzimbidwa kosati masewera. Ndinamuuza kilinishani wina zonsezi. Iye osadzutsa n'komwe mutu pa fayilo, akuti, "Abambo, mukufuna kuchira khansa kapena mwabwera kudzadandaula za mapazi?" Osandigogoda pabondo ndi kanyundo kaja, osandiuza kuti tayendani ndi zidendene ndione, ayi, anangolemba mlingo womwewo. Munthu ameneyo mpaka lero ndikamukumbukira chakudya sichitsika.

Ndiye usiku wina magetsi atathima, mayi akuphika pa mbaula pakhonde, ine ndikutuluka opanda nsapato. Ndinaima pomwepo ndikucheza bwinobwino. Mwana wanga wamkazi ndi amene anati, "Adadi, chikununkha n'chiyani?" Kuwalitsa ndi tochi ya foni, khala la moto lamatirira kuphazi kwanga, khungu layera kuti mbuu, m'mbali mwapserera. Ine osamva kanthu. Mayi anataya mthiko n'kuyamba kulira, ine ndangoti kakasi kuliyang'ana phazi ngati la munthu wina. Chilondacho chinavuta kupola chifukwa chemo anali atagwetsa kale asilikali a m'magazi, mpaka anandiimitsa kaye mankhwala. Pamwamba pa zonsezo alamu anga akubwera ndi zoti ndaponda zinthu kusukulu, tipite kukatemera mphini. Mphini pa munthu woti magazi ake alibe chitetezo!

Ndimaphunzitsa Biology, koma zomwe zinkandichitikirazo ndinazimvetsa nditagona pa bedi ndikuwerenga. Pafupifupi m'selo iliyonse ya m'thupi muli timachubu ting'onoting'ono totchedwa ma microtubule, topangidwa ndi puloteni ya tubulin, m'mimba mwake pafupifupi 25 nanometre (nanometre imodzi ndi gawo limodzi la magawo miliyoni a milimita). Timachubuti sitikhala chikhalire. Timakula kenako n'kugumuka mwadzidzidzi, n'kuyambanso kukula, zomwe Tim Mitchison ndi Marc Kirschner anafotokoza mu 1984. Selo ikamagawikana, timachubu timeneti ndi tomwe timakoka ma chromosome, timaulusi tosunga chibadwa cha selo, kupita mbali ziwiri. Vincristine amagwira tubulin kuti timachubuto tisamangike bwino, paclitaxel amatiumitsa kuti tisagumuke. Njira zonse ziwiri selo ya khansa imakanika kugawikana n'kufa. Apo mpabwino.

Vuto ndi lakuti mitsempha yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi imadaliranso timachubu tomweto. Selo imodzi yochokera kumsana kukafika ku chala cha kuphazi imatha kutalika pafupifupi mita yathunthu, ndipo zambiri zomwe kunsongako kumafunika zimapangidwa kumtunda, pafupi ndi msana. Wonyamula katunduyo ndi puloteni yotchedwa kinesin, yomwe Ron Vale ndi anzake anaipeza mu 1985 m'mitsempha ya nyama ya m'nyanja yotchedwa squid. Imachita kuyenda ndithu pamwamba pa kachubu, phazi ndi phazi, sitepe iliyonse 8 nanometre, ikudya ATP imodzi pa sitepe (ATP ndiye mafuta a selo). Ina yotchedwa dynein ndiyo imabweza zakutha kumtunda. Zili ngati katundu wochoka ku Blantyre kupita ku Chitipa: msewu ukakumbika, a ku Zalewa salira msanga, oyamba kusowa ndi akutaliwo. N'chifukwa chake dzanzi limayambira ku zala za kumapazi ndi m'manja, kenako n'kumakwera. Kudzimbidwa kuja ndi nkhani yomweyo, mitsempha yoyendetsa matumbo nayo imakhala yakhudzidwa.

Komatu chonde, musamve nkhani yangayi n'kukawaletsa abambo kupita kuchipatala. Mankhwala omwewa ndi amene achititsa kuti ndikhale pano ndikulemba. Amvereni madokotala, iwo ndi amene akudziwa. Koma musachoke m'chipindamo asanalembe za dzanzilo m'buku, ndipo wina akakuyankhani mwachipongwe pemphani kuonana ndi dokotala wamkulu. Wamkuluyo ndi amene anadzandichepetsera mlingo ataona chilonda chija, ndipo ananena yekha kuti zikanayenera kuchitika kale. Nenaninso mankhwala ena onse omwe akumwa. Isoniazid wa TB naye amabweretsa dzanzi, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6, ndipo mankhwala ena a mafangasi monga itraconazole amachititsa vincristine kuchuluka m'thupi. Ngati ndi khansa ya Kaposi, funsani za paclitaxel, poti kafukufuku yemwe anachitikanso kuno ku Malawi, wotuluka mu The Lancet mu 2020, anapeza kuti amaposa bleomycin ndi vincristine pa matenda okula. Koma nayenso dzanzi amapereka, musaganize kuti mwathawa.

Kunyumba, nsapato zotseka nthawi zonse, osati mapatapata chifukwa amavuka munthu osadziwa. Madzi osamba muziwayesera inuyo. Madzulo aliwonse muziwaona pansi pa mapazi ndi pakati pa zala. Akayamba kukoka phazi poyenda, kapena m'mimba mukatupa osachita chimbudzi, musadikire tsiku lomwe anawalembera. Ndipo wina asakunamizeni zowiritsa maluwa aja a pinki ndi oyera a pabwalo poti amva kuti vincristine amachokera ku Madagascar periwinkle. Amachokeradi kumeneko, koma muli pang'ono zedi, ndipo ndi mankhwala obaya mu mtsempha wa magazi, osati a mu kapu.

Ine m'manja munabwerera patapita miyezi ingapo nditamaliza. Zala za kuphazi lamanzere mpaka pano zimamveka ngati ndavala sokosi yonyowa, makamaka mu Juni.