Mchenga wakuda wa ku Chipoka ndi maelekitironi osowa pokhazikika

FUNSO: Ophunzira anga anatapa mchenga wakuda pagombe la ku Chipoka ndipo wina unakakamira ku maginito. Ndinawerenga kuti mwala wa mtundu umenewu ukazizira kwambiri umavuta kudutsitsa magetsi. Kodi zimatheka bwanji? Mphunzitsi wa sayansi, Salima.

YANKHO: Aphunzitsi, zimene munawerengazo nzoona. Timchenga tokakamira kwambirito kawirikawiri timakhala magnetite (Fe3O4), mwala wopangidwa ndi chitsulo ndi okosijeni, ndipo mu 1939 Evert Verwey wa ku Netherlands anaonetsa kuti mwalawu ukazizira kufika madigiri pafupifupi 150 pansi pa ziro, magetsi amavutika kudutsamo kuwirikiza pafupifupi ka 100. Pakutentha kwa masiku onse, maelekitironi ena (tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi) amadumpha kuchoka pa atomu imodzi ya chitsulo kupita pa ina, koma poti amakankhana mwamphamvu, kuzizira kukafika aliyense amafuna malo okhazikika otalikirana ndi anzake, ndipo akaleka kudumpha magetsi amavutika kuyenda.

Chovuta ndi kayalidwe ka maatomuwo, chifukwa amakhala anayianayi, ndipo atatu alionse mwa iwo amayang'anizana ngati mafuwa a pamoto. Munthu atauzidwa kuti apake mafuwa atatu ndi utoto wa mitundu iwiri yokha, koma oyandikana asafanane, sangathe, pakuti fuwa lachitatu lidzafanana ndi limodzi mwa awiri aja. Mitundu iwiri ya utotoyo ikuimira atomu ya chitsulo yokhala ndi elekitironi yowonjezera (Fe2+) ndi atomu yopanda elekitironiyo (Fe3+). Mu 1956 Philip Anderson anaonetsa kuti pamayalidwe otere pali njira zochuluka zedi zofanana mphamvu zimene maelekitironi angakhalire, moti palibe imodzi yopambana mosavuta. Pambuyo pake ndondomeko yosavuta imene Verwey anaganiza, ya mizere yosinthana ya Fe2+ ndi Fe3+, inadzapezeka kuti siyolondola. Chithunzi chenicheni chinatuluka mu 2012, pamene gulu la Paul Attfield ku Edinburgh linapeza kuti elekitironi imodzi imadziyala pa maatomu atatu ondondozana, zimene anazitcha trimeron. Kwa ine, kuti funso la mwala wodziwika chonchi linatenga zaka zoposa 70 nkodabwitsa kuposa yankho lenilenilo.

Musayembekezere kuziona m'kalasi, pakuti firiji siyandikira nkomwe kuzizira koteroko, ndipo akatswiri amagwiritsa ntchito nayitirojeni yamadzi ya madigiri 196 pansi pa ziro. Komanso magnetite ya m'mchenga nthawi zambiri imasakanikirana ndi titaniyamu, ndipo titaniyamu kapena zinki wochepa chabe akalowa m'malo mwa chitsulo amasokoneza chiwerengero cha maelekitironi, kusinthako nkuchitika pakuzizira koposa apo kapena kuzimiririka kumene.