Nyimbo zoyambira kwaya ya anthu 16

Mwafunsa, bambo, kuti kwaya yanu yatsopano ya anthu 16 iyambe ndi nyimbo ziti, ndipo mwanena kuti ena mwa oyimba akufuna Hallelujah Chorus ya Handel. Ine ndikukulangizani kuti nyimbo imeneyo muisunge kaye, chifukwa imafuna zida zoyimbira ndi masopulano ofika pamwamba popanda kukuwa, komanso pamene gawo lililonse lili ndi anthu anayi okha, mmodzi akaphonya tchalitchi chonse chimamva.

Yambani ndi "If ye love me" ya Thomas Tallis, yomwe ndi yaifupi, ya magawo anayi, ndipo imayimbidwa popanda kiyibodi. Magawo ake amalowa motsatizana, kotero kuti aloto ndi tena, amene kawirikawiri amangotsamira pa sopulano, amakakamizika kuwerenga okha nthawi yolowera.

Ikakhazikika imeneyo, tengani "Locus iste" imene Anton Bruckner analemba mu 1869 pokonzekera mwambo wopatula kachisi wa m'katedirale yatsopano ya mumzinda wa Linz ku Austria. Ndimaikonda kwambiri nyimboyi chifukwa imaulula mphamvu zenizeni za kwaya. Pali malo amene mabesi amayamba okha ena asanalowe, pali malo oyimba motsitsa kwambiri mawu osagwa, ndipo chakumapeto onse amakhala chete kwa kanthawi asanatsirize pamodzi. Mawu ake ndi a Chilatini koma ndi ochepa, ndipo imakwanira bwino pa mwambo wotsegulira tchalitchi. "Ave verum corpus" ya Mozart, ya mu 1791, ibwere pambuyo pake mukapeza woyimba limba wodalirika.

Musaiwale nyimbo za m'buku la Nyimbo za Mulungu, zimene omvera anu amazidziwa kale. Kuziyimba m'magawo anayi popanda chida chilichonse n'kovuta kuposa mmene ambiri amaganizira.

Pophunzira, magawo azikumana padera asanaphatikizane, ndipo kiyibodi izingopereka mawu oyambira, kenako muziiyesanso pothera kuti muone ngati kwaya yatsika. Manotsi a nyimbo zakalezi amapezeka mwaulere pa tsamba la pa intaneti la Choral Public Domain Library, ngakhale mudzafunika munthu woti awasandutse solfa ngati oyimba anu sawerenga manotsi a pamizere. Mverani limodzi The Sixteen, kwaya ya ku England yotsogoleredwa ndi Harry Christophers, makamaka mmene amapumira ndi kutsekera mawu nthawi imodzi. Konsati yoyamba ikhale yaifupi, m'nyumba imene mawu amamveka okha popanda zokuzira mawu.