Mafunso ndi Mayankho: Kodi ndisankhe hositeli iti m'chaka choyamba?

FUNSO: Aphungu, ndasankhidwa kukaphunzira ku yunivesite, ndipo atitumizira fomu yoti tilembepo hositeli imene tikufuna tisanafike. Pali ziwiri zimene zandiimitsa mutu. Yoyamba ndi yatsopano, aliyense amakhala ndi chipinda chakechake, koma ili kutali ndi makalasi ndipo mtengo wake ndi wokwera. Yachiwiri ndi yakale, ili pafupi ndi laibulale, koma anthu amagona awiriawiri ndipo mabafa amagwiritsa ntchito onse. Mnzanga wapamtima wa kusekondale nayenso wasankhidwa, ndipo akuumirira kuti titenge yakaleyo n'kumagona chipinda chimodzi. Makolo anga akuti ndisankhe ndekha. Kodi ndiyambire pati? Ndine mtsikana wa chaka choyamba.

YANKHO: Ndikukuyamikirani chifukwa chopeza malo. Yambani ndi kuona tsiku lomaliza lobwezera fomuyo, chifukwa mayunivesite ambiri amaika ophunzira a chaka choyamba patsogolo pogawa zipinda, koma mwayi umenewu umakhala wa okhawo amene abweza fomu nthawi isanathe. Wochedwa amalandira zotsala.

Posankha, musadalire zithunzi, chifukwa zimajambulidwa masana, chipinda chili chosesa bwino ndiponso mulibe munthu. Ganizirani tsiku wamba la pakati pa sabata, limene muli ndi kalasi 8 koloko m'mawa, ina 11 koloko, ndipo yomaliza 4 koloko madzulo. Amene hositeli yake ili pafupi amabwerera kuchipinda pakati pa makalasiwa, n'kusiya mabuku olemera, kupuma pang'ono kapena kuwerenga, pamene amene ili kutali amasenza zonse za tsikulo m'chikwama n'kumazungulira kufunafuna pokhala. Ngati ulendo wopita ndi wa mphindi 25, ndiye kuti kupita ndi kubwera kamodzi kokha patsiku kukudyerani maola opitirira anayi pa sabata. Nkhaniyi imakula kwambiri usiku. Nthawi ya mayeso mudzafuna kukhala ku laibulale mpaka atatseka, choncho funsani ngati njira yobwerera kuhositeli ili ndi magetsi, ngati anthu amadutsamo usiku, ndiponso ngati pali basi ya yunivesite, imasiya kuyenda nthawi yanji. Munthu akaopa njira amayamba kujomba ku laibulale, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka kumapeto kwa semesita.

Chipinda cha wekha chimakopa, ndipo kwa wophunzira wa chaka chomaliza amene akulemba kafukufuku wake ndi chinthu chamtengo wapatali. Koma chimene chimasautsa ophunzira ambiri m'miyezi yoyamba ndi kusungulumwa, ndipo pamenepa mamangidwe a nyumba ali ndi mphamvu kuposa mmene anthu amaganizira. M'chaka cha 1950, akatswiri atatu a za maganizo ndi khalidwe la anthu, Leon Festinger, Stanley Schachter ndi Kurt Back, anafalitsa zimene anapeza atafufuza m'nyumba za ophunzira a pabanja pa yunivesite ya MIT ku America. Anaona kuti anthu ankapalana ubwenzi kwambiri ndi amene zitseko zawo zinali zoyandikana, ndipo amene ankakhala m'munsi mwa masitepe anali ndi mabwenzi ambiri a m'zipinda zapamwamba kuposa anzawo, chifukwa chakuti ankakumana nawo tsiku ndi tsiku akamakwera kapena kutsika. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti mabafa a onse amene mukuwaona ngati chilema ali ndi ubwino wake. Pamzere wodikira shawa m'mawa, thaulo lili paphewa ndipo sopo ali m'manja, ndi pamene mumamva kuti kalasi yasinthidwa chipinda kapena kuti wina wapeza buku limene latha ku laibulale.

Tsopano za mnzanuyo, ndipo apa ndilankhula mosapita m'mbali: khalani hositeli imodzi, koma zipinda zosiyana. Mukagona ndi mlendo n'kusemphana naye, muli ndi mnzanu woti mukamudandaulire pakhomo lachitatu kapena lachinayi. Mukagona ndi mnzanuyo n'kusemphana, mwataya mtendere wa m'chipinda ndi ubwenzi nthawi imodzi, ndipo mulibe kothawira. Komanso anthu awiri odziwana kale akakhala chipinda chimodzi amakonda kudzitsekera, moti semesita imatha asakudziwa ngakhale mayina a oyandikana nawo. Kugwirizana m'kalasi kwa zaka zingapo sikusonyeza kuti mudzagwirizana pa nkhani ya nthawi yozimitsa getsi.

Kaya mudzagona ndi ndani, munthu ameneyo si nkhani yaing'ono. Katswiri wa zachuma Bruce Sacerdote anafalitsa mu 2001 kafukufuku wa pa yunivesite ya Dartmouth College ku America, kumene ophunzira a chaka choyamba ankaikidwa m'zipinda mwamaere, ndipo anapeza kuti makhozedwe a wogona naye chipinda amakhudza makhozedwe a munthu, ngakhale kuti ndi pang'ono. Choncho ngati fomu ili ndi mafunso okhudza nthawi imene mumagona, ngati mumasuta, kapena ngati mumawerenga kuli zii, yankhani zoona, osati zimene mukuganiza kuti zimveka bwino. Sabata yoyamba yomweyo khalani pansi ndi mnzanu wa m'chipinda mugwirizane za getsi, za kuyankha foni usiku, za alendo ndi nthawi yoti azichoka, komanso za kubwerekana zovala ndi tchaja. Madokotala amati munthu wa msinkhu wanu amafunika kugona maola 7 mpaka 9, ndipo mikangano yambiri ya m'zipinda imayambira pa tulo.

Pa ndalama, musayerekeze mitengo iwiriyo musanawerenge mgwirizano wa hositeli iliyonse. Onani kuti mukulipirira masabata angati, ngati mumayenera kutulutsa katundu nthawi ya tchuthi, ngati chakudya, magetsi, madzi ndi intaneti zili momwemo, ndiponso zimene zingachititse kuti dipoziti yanu isabwezedwe. Mahositeli ambiri amaletsa kuphikira m'chipinda poopa moto, choncho ngati chakudya sichili mumtengowo, funsani ngati pali khitchini. Tsiku lolowa, musanamasule chikwama, jambulani pafoni chilichonse chimene mwachipeza chowonongeka, kaya ndi loko wogwedera, galasi long'aluka kapena matiresi othimbirira, n'kukauza wadeni, yemwe ndi woyang'anira hositeli, tsiku lomwelo, kuti asadzakulipiritseni potuluka.

Pali chinthu china chimene sichilembedwa m'mabuku okopa ophunzira. Matenda oumitsa khosi amafala mosavuta pamene achinyamata ochokera kosiyanasiyana ayamba kukhala mothithikana, ndipo n'chifukwa chake mayiko monga United Kingdom ndi America amalimbikitsa ophunzira atsopano kulandira katemera wake. Funsani kuchipatala musanapite, ndipo mukadzaona kuti inu kapena mnzanu watentha thupi, mutu ukumupweteka kwambiri, khosi lauma ndipo kuwala kukumusowetsa mtendere, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti kuche.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikanakhala ine ndikanalemba yakaleyo poyamba. Koma musanatumize fomu, pezani wophunzira wa chaka chachiwiri amene anakhalamo, mumufunse kuti mpope kapena chimbudzi chikawonongeka amatenga masiku angati kuti akonze, ndiponso ngati Lachisanu usiku munthu amatha kugona. Akakuuzani kuti zowonongeka zimakhala mwezi wathunthu, pamenepo yatsopanoyo iganizireninso.

FUNSO: Aphungu, mwana wanga wamwamuna amayendera ndodo chifukwa cha vuto la mwendo, ndipo akukana kulemba zimenezi pa fomu ya hositeli poopa kuti anzake azidzamuona mwachilendo. Kodi ndimukakamize? Ndine bambo wodera nkhawa.

YANKHO: Bambo, musamukakamize, koma mumufotokozere kuti fomuyo imapita ku ofesi yogawa zipinda, osati kwa ophunzira anzake. Zipinda zapansi ndiponso zoyandikana ndi bafa zimakhala zochepa, ndipo zikagawidwa n'kovuta kutulutsamo munthu. Akapanda kulemba akhoza kupatsidwa chipinda chapamwamba m'nyumba yopanda chikepe, n'kumakwera masitepe kangapo patsiku chaka chonse. Alembe yekha m'mawu ake, aphatikizepo kalata ya dokotala, kenako aimbire ofesiyo kufunsa ngati polowera m'nyumbamo ndi m'bafa pali masitepe, ngati m'shawa muli chogwirira, ndiponso kutalika kwa mtunda wopita kumakalasi ake. Mayunivesite ambiri ali ndi ofesi yothandiza ophunzira aulumali, ndipo ndi bwino kuti ailembere kalata sukulu isanatsegulidwe.