Kodi tizingotumizabe ndalama ya chimanga chaka ndi chaka? Yankho kwa achemwali a ku Johannesburg

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Dedza amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Ndati ndiwayankhire pano chifukwa funso lawo likuvutitsa ambiri. Alemba motere:

"Tilipo angapo a mudzi umodzi kuno ku Joni. Januwale aliyense timasonkha ndalama n'kutumiza kumudzi kuti agule chimanga, agawire agogo ndi ana amasiye. Koma chaka chikazungulira njala ija yabweranso, thumba nalo likungokwera mtengo. Anzathu ena atopa. Kodi chilipo china chimene anthu wamba ngati ife tingachite, kapena nkhani ya njala tiwasiyire aboma ndi amabungwe?"

Achemwali, zikomo, ndipo muwathokozenso anzanuwo. Musasiye. Gogo amene wagona ndi njala mu Febuluwale akufunika nsima tsiku lomwelo, sangadikire mapulani a zaka zitatu. Chimene ndikupempha n'chakuti muunikenso mwezi umene ndalamayo imafika kumudzi, komanso manja amene amailandira.

Taganizirani za chimanga chimene mumagula mu Januwalecho. Nthawi zambiri chinalimidwa m'dera lanu lomwelo. Mu Meyi ndi Juni, venda amapachika sikelo pansi pa mtengo pamsika, amayi n'kumabwera ndi zidebe pamutu. Sagulitsa chifukwa chimanga chawachulukira ayi. Mwana wabwezedwa kusukulu, ngongole ya feteleza yafika, m'nyumba mulibe sopo kapena mchere. Boma limalengeza mitengo yogulira mbewu, koma ADMARC imachedwa kutsegula misika, ndiye pasikelopo mtengo amatchula ndi venda. Miyezi isanu ndi iwiri ikatha, mayi yemwe uja amapita kukagula chimanga chomwecho pa mtengo wowirikiza, mwinanso kuposa. Ndalama akaitenga kuti? Kuganyu. Iye ndi ana ake amakapalira ndi kubandira m'munda mwa wina kuti alandire kambale ka ufa kapena madeya, pamene munda wawo ukumira m'tchire. Akadzaugwira nthawi yatha, zokolola n'zochepa, ndipo njala ya chaka chamawa yadzalidwa kale. Tikamanena kuti pa chakudya palibe chilungamo, tikunena zimenezi: amene anagwira khasu ndi amenenso akugona m'mimba muli pululu.

Sindikukana kuti mvula ikutizunza. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda kummwera, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Anthu pafupifupi 5.7 miliyoni ndi amene anawerengedwa kuti afunika thandizo la chakudya nyengo imeneyo. Vuto lalikulu chonchi gulu la anthu a mudzi umodzi silingalithe, n'la boma ndithu. Koma kumbukirani kuti njala ya 2002 inakula chifukwa chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, mitengo n'kuthawa anthu osauka. Komanso kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ana ambiri chonchi sapinimbira chifukwa cha chilala cha chaka chimodzi.

Ndikufuna ndikuuzeni za ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, chifukwa kumeneko anthu wamba anachita chinthu chimene chakhalitsa. Pachipatala cha mishoni cha CCAP ankalandira ana ambiri onyentchera. Amawachiza, amabwerera kumudzi, posakhalitsa abweranso. Namwino wina, mayi Esther Lupafya, pamodzi ndi Rachel Bezner Kerr wa ku Canada amene ankachita kafukufuku, anayamba kufunsa makolo a anawo. Mayankho anali ofanana: nthaka yaguga, feteleza sitingakwanitse, timangodalira chimanga. Mu 2000 anayambitsa ntchito imene imadziwika kuti Soils, Food and Healthy Communities. Sanabweretse matumba a ufa. Anabweretsa mbewu za nandolo, mtedza, soya ndi kalongonda, ndipo alimi eniake anasankhana kupanga gulu loyesa mbewuzo m'minda mwawo, kuyerekeza, n'kumaphunzitsa anzawo.

Njira imene inakondedwa kwambiri ndi yodzala mtedza ndi nandolo m'munda umodzi. Mtedza umakhwima msanga, mumakumba. Nandolo amatsala, mizu yake ikulowa pansi, masamba akuyoyoka. Mukafukula pansi pa tsinde lake mu Ogasiti mumapeza masamba ataunjikana, dothi lili lofewa, lakuda, losiyana ndi la mumzere wa chimanga chokhachokha. Masangwi a mtedza ndi masamba a nandolo osawotcha, mumawakwirira. Chaka chotsatira mumadzalapo chimanga, ndipo chimapeza chonde chimene mbewu zija zinasiya. Banja lapeza ndiwo, nsinjiro za phala la mwana, nkhuni za mitengo ya nandolo, komanso feteleza wogula wachepa.

Koma gawo limene limandikhudza mtima ndi limene linabwera pambuyo pake. Zokolola zinachuluka, ana ena osasintha. Atafufuza anapeza kuti m'mabanja ena bambo amagulitsa mtedza wonse ndalama n'kuthera kwina. Ntchito yokwirira masangwi inagweranso amayi amene anali kale ndi madzi, nkhuni, mphika ndi mwana kumsana. Agogo aakazi, amene mawu awo ndi olemera pa kaleredwe ka mdzukulu, palibe amene anawafunsa, ndipo ena ankapatsa makanda phala lamadzimadzi asanafike miyezi isanu ndi umodzi. Ndiye anayamba kukhalira pamodzi abambo, amayi ndi agogo n'kumakambirana nkhani zovutazi. Anakhazikitsanso masiku ophikira limodzi, pamene abambo nawo amagwira mthiko pamaso pa mudzi wonse. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011 anaonetsa kuti ana a m'midzi imene inakhalitsa m'ntchitoyi ankakula bwino kuposa kale. Mu 2012 ntchitoyi inafikanso ku Lobi, kwanu ku Dedza komweko. Choncho alimi odziwa zimenezi sali kutali ndi abale anu, mlangizi wa zaulimi angawalozere.

Tsono ndalama yanu ija. Ine ndikanakhala m'gulu lanulo, ndikanati gawo lalikulu lizitumizidwa mu Meyi, osati mu Januwale. Mugule chimanga kwa anthu a m'mudzi momwemo nthawi yokolola, pa mtengo woposako wa venda. Apo mwathandiza kale kamodzi. Chiume bwino, chisungidwe m'matumba a PICS aja osalowa mpweya, kapena chithiridwe mankhwala a anankafumbwe, chiikidwe pa mathandala m'nyumba yosadontha. Januwale akafika, nkhokweyo itsegulidwe: agogo, odwala ndi mabanja oyendetsedwa ndi ana alandire ulere, ena onse agule pa mtengo wotsika kuposa wa pamsika, kapena abwereke n'kudzabweza akakolola. Ndalama imene inkagula thumba limodzi m'nyengo ya njala imagula ochulukirapo m'nyengo yokolola, ndipo mbali ina imabwerera kudzagulira chaka chotsatira. Phindu lenileni n'lakuti mayi uja atsala m'munda mwake masabata opalira.

Nkhokwe zotere zimagwa, ndipo chimazigwetsa kawirikawiri ndi anthu, osati anankafumbwe. Kiyi akakhala ndi munthu mmodzi, ngakhale ali mlongo wanu kapena mkulu wa mpingo, mwamuika pa mayesero ndipo mwadzala miseche. Pakhale maloko awiri kapena atatu, makiyi kwa anthu a mabanja osiyana, amayi akhale ambiri mukomiti. Buku la zolowa ndi zotuluka liziwerengedwa mokweza pabwalo, ndipo chithunzi cha tsamba lililonse chizikufikani pa WhatsApp. Amfumu adalitse ndi kuteteza ntchitoyo, koma asasunge kiyi kapena kulemba okha mayina a olandira. Ngati m'mudzimo muli banki mkhonde yoyenda bwino, yambirani kwa amayi amenewo, poti kusunga buku ndi kulondola ngongole anazolowera. Chinanso, obwereka asamabweze mowirikiza. Kachiwongola dzanja kakhale kongokwanira kugula matumba ndi mankhwala. Kupitirira apo mwasanduka akatapila kwa abale anu omwe.

Gawo lachiwiri lipite ku mbewu. Banja lilandire mtedza, soya kapena nandolo, likakolola libweze kuti banja lina lilandirenso. Pano pali zinthu ziwiri zoti mukambirane mbewu isanagwe pansi. Nandolo amakhalitsa m'munda, ndipo kuchigawo chapakati anthu amamasula mbuzi ndi ng'ombe chimanga chikangochoka. Popanda lamulo la mudzi lokhudza ziweto, nandolo yense adyedwa ndipo anthu adzati njirayi ndi yabodza. Chachiwiri, alime kuti adye kaye. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwawo, mtengo unagweratu kuno, alimi amene anadalira msika wokha analira. Amene anali ndi nandolo wa mumphika sanataye zonse.

Za phala kusukulu ya mkombaphala sindichulukitsa, mukuzidziwa. Bungwe la Mary's Meals linayamba ku Malawi konkuno mu 2002, ndipo lero limadyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'sukulu zathu, koma amene amadzuka m'bandakucha kukasonkha moto ndi amayi a m'midzi, osalipidwa. Mukafuna kuphikira ana phala lotero pogwiritsa ntchito chimanga ndi soya wa m'nkhokwe yanu, abambo nawo akhale pa mndandanda wotema nkhuni ndi kutunga madzi.

Mwafunsa ngati nkhaniyi muwasiyire aboma. Ayi, koma musawamasulenso. Feteleza wotsika mtengo, chimanga cha thandizo ndi ndalama za Mtukula Pakhomo ndi zinthu za anthu, si mphatso ya munthu. Gulu limene laphunzira kuwerenga buku lake pabwalo limakhala ndi mphamvu yopita ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kwa khansala kapena kwa phungu kukafunsa kuti mayina a olandira analembedwa bwanji, nanga n'chifukwa chiyani gogo wakuti anasiyidwa. Inu amene muli kunja mungathandize polemba makalata ndi kuimba mafoni, pakuti simuopa kumanidwa kuponi.

Musanatumize kalikonse, imbirani amayi a kumudziko, osati abambo okha, muwafunse mwezi umene ufa umathera m'nyumba zawo ndi chimene chimawagulitsitsa chimanga msanga. Mwina akuuzani kuti vuto lawo ndi fizi ya teremu yachitatu, kapena chigayo chakutali, kapena dimba lopanda pampu, ndiye mapulani anuwo asinthe kutsata zimenezo. Ndipo musaike ndalama yonse m'chimanga. Chaka cha chilala mudzi wonse umalephera kubweza nthawi imodzi, nkhokwe n'kukhala yopanda kanthu. Gawo lina lizikhala padera kuti chaka chotero mudzathe kugula kuchokera kutali n'kugawa ulere monga mmene mwakhala mukuchitiramu.