Amene anapeka nyimbo za mu Qeysar

Achimwene mwafunsa kuti nyimbo za mu filimu yakale ya ku Iran ija ya Qeysar anapeka ndani, komanso ngati pali zina zake zoti munthu angamvere. Ameneyo ndi Esfandiar Monfaredzadeh, dzina lopinda lilime koma ingolikopani momwemu.

Mkuluyu anabadwira ku Tehran, ndipo Masoud Kimiai yemwe anapanga Qeysar mu 1969 anali mnzake wa kuubwana, nde mafilimu ambiri a Kimiai nthawi imeneyo nyimbo amakonza ndi iyeyu, Reza Motori ya 1970, Dash Akol ya 1971 mpaka Gavaznha ya 1974. Masiku amenewo mafilimu ambiri kumeneko anali aja oti nkhani ikuyenda bwinobwino kenako basi mtsikana wayamba kuvina mu bala, nyimbo yongoponyamo kuti matikiti agulidwe. Zake iyeyu zimayenda ndi nkhaniyo, mukamuona Behrouz Vossoughi, yemwe anasewera ngati Qeysar, akupita kukabwezera imfa ya abale ake nyimbo imakhala yakuuzani kale kuti uku sabwerako wamoyo.

Koma ine ndimati yambani ndi nyimbo yake ya Jomeh (kutanthauza Lachisanu) ya 1971, inali mu filimu ya Amir Naderi. Mawu analemba Shahyar Ghanbari, woimba ndi Farhad Mehrad ndi mawu ake osasa aja, zida sizambiri, pali kamluzu kozizira zedi, ndipo ikunena za tsiku Lachisanu loti magazi akudontha m'malo mwa mvula. Kumbukirani uwu unali ulamuliro wa Shah, mfumu ya Iran, apolisi achinsinsi a SAVAK ali paliponse, munthu sumangoyankhula mwachisawawa nde zambiri zimabisika mu nyimbo. Kenako pa 8 September 1978, Lachisanu ndithu, asilikali anawombera anthu ochita zionetsero pa Jaleh Square ku Tehran, anthu nkuyamba kuitenga nyimboyo ngati inalosera, chonsecho inali itatha zaka 7 ili kunja. Mwezi wa August chaka chomwecho Cinema Rex ya ku Abadan inatenthedwa anthu ali mkati, anafa mazanamazana, filimu imene amaonera inali Gavaznha yomwe ija.

Chomvetsa chisoni nchoti boma lachisilamu litalowa mu 1979 nyimbo za pop zinaletsedwa, oimba ambiri anathawa, Monfaredzadeh nayenso anadzatuluka mdzikomo nkukakhazikika ku Sweden. Nchifukwa chake ntchito zake zodziwika zambiri ndi za zaka za m'ma 70.

Pa YouTube lembani Farhad Jomeh, mukamaliza musake Mard-e Tanha ya mu Reza Motori, anthu ake ndi atatu omwewa.