Kodi anthu a Generations anapita kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene akukhala ku Johannesburg. Anandilembera motere: "Pamene ndinkafika kuno mu 2009, ikangokwana 8 koloko usiku nyumba zonse mumsewu wathu zinkamveka nyimbo imodzi, yotsegulira Generations. Lero kumene ndimagwira ntchito palibe amene amaiyatsa, ngakhale agogo a pakhomopo amene kale sankalola kuyankhulidwa nthawi imeneyo. Seweroli likadalipo, nanga anthu ake anapita kuti? Linaipa ndi seweroli, kapena tinasintha ndife?"

Mayi, zikomo pondilembera. Funso lanu landikhudza chifukwa mwa anthu amene anapitawo, nanenso ndilimo.

Choyamba tigwirizane kuti Generations, sewero la pa kanema la ku South Africa, sinafe. Mpaka lero imaonedwa ndi anthu mamiliyoni, ndipo ikadali m'gulu la mapulogalamu oonedwa kwambiri ku South Africa. Chimene inataya ndi ufumu. Inasiya kukhala chinthu chimene dziko lonse limachita pa ola limodzi, chimene m'mawa mwake anthu amakambirana mu minibasi ndi mu saluni ngati nkhani ya pabanja pawo. Mmene ndikuonera ine, ufumuwo unagwedezeka m'miyezi yochepa chabe ya chaka cha 2014, ndipo zina zonse zimene zinabwera pambuyo pake zinapeza khomo lili kale lotsegula.

Ine seweroli ndinalidziwira ku Chilomoni, kwa azakhali anga, kumene ndinkakhala ndili pasukulu. Pakhomopo panali dishi ndi kadekoda kaja kosalipira mwezi ndi mwezi, kamene kankakoka SABC 1, 2 ndi 3, mawayilesi a kanema a boma la South Africa. Popeza nthawi ya kuno ndi ya ku Joni ndi imodzi, 8 koloko yawo inali 8 koloko yathu. Nsima inkaphikidwa msanga. Mbale zikachedwa kutsukidwa, zinkadikira. Aneba ankabwera ndi timipando tawo, ana pamkeka kutsogolo, ndipo msuweni wanga ankakhala pafupi ndi azakhali kuti aziwamasulira mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa kanema aja, chifukwa iwo Chizulu sankamva, Chingerezinso chinkawadutsa. Koma nkhani ankaitsata kuposa tonsefe. Kenneth Mashaba akangoyamba kumwetulira, azakhali ankawomba m'manja kamodzi n'kukuwa: "Dineo mwana iwe, bambo ameneyu akupweteka!" Ankanena ndi mtima wonse, ngati akulangiza mwana wa mchimwene wawo.

Mukumbukire kumene seweroli linachokera. Mfundi Vundla analiyambitsa pa SABC mu 1994, chaka chimene Nelson Mandela anakhala pulezidenti. Nthawi ya ulamuliro wa tsankho, munthu wakuda pa kanema nthawi zambiri ankaoneka ngati wantchito, wosauka kapena wovutitsidwa. Apa mwadzidzidzi panaoneka banja la a Moroka, anthu akuda eni kampani yotsatsa malonda, ovala masuti, okangana za mashare ndi maudindo m'maofesi a ku Johannesburg. Karabo Moroka, amene ankamusewera Connie Ferguson, anali mkazi wakuda wolamula m'chipinda cha mabwana. Anthu ankaona pa kanema moyo umene ankaulakalaka ana awo. Ndi chifukwa chake linagwira mitima chonchija, kudutsa malire mpaka kufika ku Chilomoni.

Loto likakhalitsa limazilala. Patatha zaka 15 kapena 20, bwana wakuda wa suti sanalinso chodabwitsa. Ena anali atafikadi m'maofesimo, ndipo ambiri anali ataona kuti sadzafikamo. Mnyamata wa ku Soweto wosowa ntchito, digiri ili m'chikwama, ankayang'ana galasi la vinyo la a Moroka ndi maso ena, osiyana ndi a mayi ake mu 1995. Komabe anthu sanathawe nthawi imeneyo. Pofika 2014 nyuzipepala zinkanena kuti oonera anali pafupifupi 7 miliyoni usiku uliwonse. Chimene chinkawasunga sichinalinso lotolo ayi. Anali anthu a m'seweromo: Queen ndi makani ake, Sibusiso Dlomo uja ankamutcha Ngamla, Khethiwe, Dineo, Senzo ndi Jason. Anali atasanduka abale.

Ife a kuno tinachotsedwa msanga. Mu 2013 kampani ya Sentech, imene imaulutsa mawayilesi a SABC, inatseka njira imene madekoda aja ankakokera, potsatira chigamulo cha khoti pa mlandu umene unachokera ku Botswana. Nyumba zambiri ku Malawi, Zimbabwe ndi maiko ena oyandikana zinangodzuka kanema ali bii. Ife sitinkawerengedwa m'ziwerengero za oonera za ku South Africa, ndiye eni seweroli mwina sanamve n'komwe kuti tachoka. Koma ku Chilomoni timipando ta aneba tinasiya kubwera.

Tsopano tifike pa 2014 penipenipo. M'mwezi wa Ogasiti, azisudzo akuluakulu 16 ananyanyala ntchito. Ankafuna malipiro abwinopo, makontirakiti a zaka 3 m'malo mongowonjezeredwa pang'onopang'ono, komanso gawo lawo pa ndalama zimene zimalowa seweroli likabwerezedwa kapena kugulitsidwa kunja. Anauzidwa kuti abwerere ku ntchito pofika tsiku lakutilakuti, iwo sanabwerere, ndipo onse 16 anachotsedwa. Mayina ake mukuwadziwa: Menzi Ngubane, Sophie Ndaba, Katlego Danke, Seputla Sebogodi, Winnie Ntshaba, Zolisa Xaluva, Thami Mngqolo, Nambitha Mpumlwana, Patrick Shai ndi anzawo. A Vundla ananena poyera kuti azisudzo analipo kale iwowa asanabwere, adzakhalaponso ena, ndipo sewero lipitirira.

Pa za ndalama sindiweruza, chifukwa mbali zonse zinali ndi zonena zawo. Koma pa mawu amenewo ndikukhulupirira kuti analakwitsa, ndipo analakwitsa pa chinthu chimene iwo okha anamanga ndi manja awo. Sewero la tsiku ndi tsiku si filimu. Limaonetsedwa kasanu pa sabata, magawo pafupifupi 260 pa chaka. Sophie Ndaba anakhala Queen kwa zaka pafupifupi 20. Munthu amene walowa m'nyumba mwanu Lolemba mpaka Lachisanu kwa zaka zambiri, pamene mukudya, pamene mwana akudwala, pamene bambo achotsedwa ntchito, simungamutchenso mlendo. Ambiri a ife tinamuona Queen kambiri kuposa mmene tinaonera alongo athu okhala kutali. Azakhali anga sankaonera nkhani ya kampani yotsatsa malonda. Ankakazonda Dineo. Mukamuchotsa Dineo n'kuikapo mtsikana wina waluso ngakhale kuposa iye, kwa azakhali mwachotsa chifukwa chokhalira pampando.

Magawo amene anali atajambulidwa kale anatha kumapeto kwa Sepitembala, ndipo Generations inazimiririka kwa miyezi iwiri. Apa ndi pamene ndimaona kuti madzi anatayikira. Chizolowezi cha zaka 20 chimaoneka cholimba ngati mwala, koma chimakhala ndi moyo chifukwa chakuti sichidumpha tsiku. Kwa miyezi iwiri mabanja anaphunzira kuti 8 koloko ikhoza kukwana popanda nyimbo ija, dziko osagwa. SABC inaika Skeem Saam pa ola limenelo kuti itseke mpata. Anthu mamiliyoni amene anali asanalionepo bwino anakumana ndi anyamata a ku Turfloop, ku Limpopo, ana a sukulu okhala m'nyumba zofanana ndi zawo, ovutika ndi mayeso ndi makolo ovuta. Ambiri anawakonda, ndipo Skeem Saam itachoka pa ola limenelo anaitsatira.

Pa 1 Disembala 2014 seweroli linabweranso ndi dzina latsopano, Generations: The Legacy, nkhani italumpha zaka 20. Connie Ferguson anabwerera ngati Karabo, Rapulana Seiphemo ngati Tau Mogale, kuti pakhale nkhope zodziwika. Masiku oyamba anthu anakhamukira kukaona. Koma taganizani, mayi, mmene ife timachitira munthu akatisiya. Timasonkhana, timagona pa siwa, timaperekeza, kenako mtima umayamba kuvomera. Sewero likafuna kuchotsa munthu mmodzi limatipatsa zimenezo: amadwala, kapena amakwera ndege, ife n'kulira naye n'kutsanzikana. Apa anthu 16 anasowa usiku umodzi, nkhani zawo zili pakati, popanda kutsanzika. Tinauzidwa kuti papita zaka 20, tizolowere ana awo ndi adzukulu. Ena anazolowera. Ena anaona ngati abwerera kumudzi n'kupeza nyumba ya makolo ili pomwepo, koma m'katimo mukukhala anthu achilendo.

Ndipo pomwe anthu ankati aganize zokhala kapena kuchoka, zitseko zina zinatseguka mbali zonse. Mu Febuluwale 2015, SABC1 yomweyo inayamba kuonetsa Uzalo, nkhani ya mabanja awiri a ku KwaMashu, ku Durban, lina la tchalitchi, lina la mbava za galimoto, m'Chizulu cha m'misewu. Sipanatenge nthawi yaitali, Uzalo inalanda mpando woyamba, ndipo mu 2018 inafika podutsa oonera 10 miliyoni. Wayilesi ya e.tv inatenga ena mwa ochotsedwa aja, kuphatikizapo Menzi Ngubane ndi Nambitha Mpumlwana, n'kuwaika mu sewero latsopano la Ashes to Ashes. Pambuyo pake Ngubane anapita ku Isibaya pa Mzansi Magic. Connie Ferguson naye anachokanso mu 2016, n'kuyambitsa The Queen pamodzi ndi mwamuna wake Shona. Amene ankasowa nkhope zakale anadziwa kokazipeza, ndipo amene anali ndi ndalama ya DStv anapita. Amenewonso ndi anthu amene otsatsa malonda amawafuna kwambiri.

Mwafunsa ngati linaipa. Kunena zoona, azisudzo a The Legacy ena ndi aluso kwambiri. Manaka Ranaka ngati Lucy Diale ndi Vusi Kunene ngati Jack Mabaso angaime paliponse. Chimene ine chinanditopetsa n'chakuti seweroli linayamba kuthamangitsana ndi anzake pa mfuti, kubana ndi zigawenga, zinthu zimene Uzalo inkachita kale mwachibadwa. Ndiponso sewero lililonse likakalamba limayamba kudya nkhani zake zomwe: womwalira adzuka, mwana wobisika atulukira, ukwati usokonekera pa tsiku lake. Ukakhala kuti anthuwo umawakonda, umakhululuka zonsezi, umaseka n'kubweranso mawa. Ukakhala kuti sunawazolowere, umangoona ulusi wa osoka, n'kutenga rimoti.

Zotsalazo si mlandu wa Generations, zinagwera onse. Makanema a pa intaneti anabwera: Showmax inayamba mu 2015, Netflix inafika ku South Africa mu 2016, ndipo foni inasanduka kanema wa m'thumba. Mwana amene kale ankakhala pamkeka chifukwa m'nyumba munali kanema mmodzi, lero ali kuchipinda ndi TikTok. Sewero lotere limapatsirana ngati chilankhulo, mwana amalitengera kwa agogo pokhala nawo pamodzi, ndiye pabalaza pakapanda ana, oonera atsopano sabadwa. SABC nayo inalowa m'mavuto a zachuma mpaka boma kuipatsa R3.2 biliyoni mu 2019. Kuyambira 2021 boma linayamba kuzimitsa maulutsidwe akale a analogi m'zigawo monga Free State ndi Northern Cape, ndipo mabanja osauka amene analibe dekoda yatsopano anatsala mumdima. Kuthimathima kwa magetsi inu mukukudziwa kuposa ine: mu 2023 kunachitika masiku oposa 300, kawirikawiri madzulo, nthawi yeniyeni ya masewero. Ukaphonya Lachiwiri ndi Lachinayi sabata iliyonse, nkhani imakuthawa. Masewero ena akale sanapirire n'komwe. Isidingo inatha mu 2020, Rhythm City mu 2021, 7de Laan mu 2023. Poyerekeza ndi amenewa, Generations ndi yolimba.

Agogo a kuntchito kwanuwo mukawafunse chaka chimene anasiyira. Ndikuganiza kuti sakatchula chaka, akatchula munthu. Akati anasiya atachoka Queen, kapena atachoka Ngamla.

Azakhali anga atatsekeredwa SABC mu 2013 sanaonenso gawo ngakhale limodzi. Dishi ija ikadali padenga, yachita dzimbiri. Mu Malichi 2021 anandiimbira foni m'mawa kwambiri, mawu ali pansi, ine mpaka mtima unagunda poganiza kuti kumudzi kwagwa zovuta. Anali atamva kwa mdzukulu wawo kuti Menzi Ngubane wamwalira. Dzina limenelo iwo sankalidziwa. Anangoti, "Wamva? Sibusiso uja watisiya." Anakhala chete pang'ono, kenako anandifunsa ngati ndikudziwa tsiku loika maliro.