Yankho kwa amalume: chifukwa chake agogo achiyuda anandipepesa chaka chawo chisanathe

Amalume, moni kumudziko. Uthenga wanu ndaumva, ndipo ndasankha kuyankha ndi mawu chifukwa nkhani yotereyi ndikati ndiilembe pa foni, kunja kungandichere. Mwafunsa kuti ndi chaka chatsopano chanji chimene ndinatchula pa gulu lino mu Sepitembala, pamene tonse tikudziwa kuti chaka chimayamba mu Januwale. Mwafunsanso chifukwa chimene agogo amene ndimawasamalira kuno ku Johannesburg anandiitanira kuti andipepese, komanso ngati kumeneko kuli kulapa kofanana ndi kumene inu mumalalikira ku mpingo. Ine sindine Myuda, koma ndakhala m'nyumba imeneyi ku Glenhazel zaka zisanu ndi chimodzi, ndaiona nyengoyi ikubwera ndi kupita, ndipo agogowo ndi munthu wokonda kufotokoza akaona kuti wina akufunadi kumva.

Za kalendala ndidutsapo msanga. Ayuda amawerenga miyezi potsata mwezi wakumwamba, ndipo tsiku lawo limayamba dzuwa likalowa. Chaka chatsopano amachitcha Rosh Hashanah, kutanthauza mutu wa chaka, ndipo chimakhala pa tsiku loyamba ndi lachiwiri la mwezi wawo wa Tishrei. Mu 2025 chinayamba madzulo a pa 22 Sepitembala, ndipo mwa kuwerenga kwawo analowa m'chaka cha 5786. Inu amene mumadziwa Baibulo mukatsegula Levitiko 23:24 mupeza tsikuli likutchedwa loyamba la mwezi wachisanu ndi chiwiri, tsiku loliza malipenga, ndipo mwina mudabwa kuti chaka chingayambe bwanji m'mwezi wachisanu ndi chiwiri. Nkhani yake ndi yakuti miyezi amaiwerenga kuyambira mwezi wa Paskha, koma zaka amaziwerenga kuyambira Tishrei, monga momwe mlimi amawerengera chaka chake kuyambira mvula yoyamba ngakhale kalendala ya pakhoma ikunena zina.

Chimene chinandidabwitsa ine nditangofika ndi chakuti chaka chawo chatsopano sichibwera ndi makombola kapena kuchezera usiku wonse. Chimabwera ngati tsiku la mlandu, ndipo munthu wodziwa kuti ali ndi mlandu sadikira kuti akonzekere m'mawa wa tsikulo. Mwezi wonse wa Elul, umene umabwera Tishrei asanafike, ndi wokonzekera. M'mawa uliwonse wa pakati pa sabata, ku sunagoge amaliza shofar, lipenga la nyanga ya nkhosa yamphongo, ndipo amawerenga Salimo 27, lija loyamba ndi mawu akuti Yehova ndiye kuunika kwanga ndi chipulumutso changa. Popeza agogo sathanso kuyenda mtunda, mdzukulu wawo amabwera nayo nyangayo kunyumba masiku ena n'kuwalizira m'chipinda chochezera. Kulira kwake si kokoma ngati nyimbo. N'kwaukali, kwina kotalika, kwina koduladula ngati munthu wosisima, ndipo cholinga chake ndi kudzutsa munthu amene wagona tulo m'makhalidwe ake. Kuchokera pa 1 Elul kufikira Yom Kippur, limene ife timalitcha Tsiku la Chitetezo, pali masiku pafupifupi 40, ndipo iwo amawalumikiza ndi masiku 40 amene Mose anakhala m'phiri la Sinai kukalandira magome achiwiri, anthu atachimwa kale ndi fano la mwana wang'ombe.

Tsopano ndifike pa za kupepesa zija. Mu Malichi mphete ya agogo inasowa. Sananene poyera kuti ndaba, koma anandifunsa katatu tsiku limodzi ngati ndinalowa m'chipinda chawo, ndipo ndinawamva akuuza mwana wawo wamkazi pa foni kuti m'nyumba muli anthu awiri okha. Patapita masiku anayi mphete ija inapezeka m'thumba la jekete lawo lomwe. Iwo anangoti yapezeka, nkhani n'kuthera pomwepo, ine n'kumeza mate owawa chifukwa ntchito ndiyo inandibweretsa kuno. Sindinauze munthu pa gulu lino kuopa kudetsa nkhawa amayi.

Sabata ziwiri Rosh Hashanah asanafike, anandiitana, anandiuza kuti ndisiye mbale ndikhale pampando, ndipo anatchula chimene anachita ndi dzina lake. Anati anandiganizira kuba popanda umboni, anaipitsa dzina langa kwa mwana wawo, ndipo mphete itapezeka anakhala chete chifukwa cha kunyada. Ine, mwa chizolowezi chathu, ndinafulumira kunena kuti palibe kanthu, zinapita zimenezo. Iwo anakana mawu amenewo. Anati kanthu kanalipo, ndipo chimene akupempha si chakuti ndinene kuti sizinachitike, koma kuti ndiwakhululukire ndikudziwa kuti zinachitika. Kenaka anaimbira mwana wawo uja ine ndili pomwepo, n'kumuuza kuti zimene ananena mu Malichi zinali zabodza ndipo azichotse m'mutu mwake. Kuimba foni kumeneko ndiko kunandigwira mtima kuposa mawu opepesawo, pakuti dzina langa analibweza kumene analiwonongera.

Nditawafunsa chifukwa chimene sanangopempherera nkhaniyi kwa Mulungu, anandifotokozera chiphunzitso chimene ndikuona kuti ndiwo msana wa nyengo yonseyi. M'buku lawo la malamulo lotchedwa Mishnah, limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 Khristu atabadwa, munalembedwa kuti Yom Kippur imafafaniza machimo a pakati pa munthu ndi Mulungu, koma machimo a pakati pa munthu ndi mnzake siiwafafaniza kufikira wolakwayo atapita kukakonza ndi amene anamulakwira. Ndiye kuti munthu angasale kudya tsiku lonse, angalire misozi m'sunagoge, koma ngati ali ndi ndalama za wantchito wake m'thumba, kapena ananyoza mbale wake osapepesa, mlanduwo uli chikhalire. Mulungu sakhululuka m'malo mwa munthu amene anapwetekedwa. Malo omwewo amachenjezanso kuti amene amati ndichimwe kaye, ndidzalapa pambuyo pake, sapatsidwa mpata wolapa.

Mawu awo a kulapa ndi teshuvah, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi kubwerera, monga munthu wosochera amabwerera pa mphambano pamene anatayira njira. Amene anaisanja bwino nkhaniyi ndi Maimonides, mphunzitsi amenenso anali dokotala, wobadwira ku Córdoba m'dziko la Spain, yemwe anamwalira ku Egypt mu 1204. Iye anaphunzitsa kuti wolapa ayenera kusiya tchimolo, kumva chisoni chenicheni, kuliulula ndi pakamwa, ndi kutsimikiza mumtima kuti sadzalibwerezanso. Anati munthu woulula tchimo asanatsimikize kulisiya ali ngati wolowa m'madzi kukadziyeretsa atafumbata buluzi wakufa, amene ndiye akumudetsa. Madziwo sangamuthandize kufikira atataya buluziyo. Anaikanso malire kumbali zonse ziwiri. Wolakwiridwa akakana kukhululuka, wolakwa abwerenso ndi anzake atatu, ndipo achite zimenezo mpaka katatu. Akakanabe, wopepesayo wamasuka ndipo tchimo latsala ndi wouma mtimayo. Ngati wolakwiridwa anamwalira, wolakwa atenge anthu khumi apite nawo kumanda kukaulula pamaso pawo, ndipo ngati panali ndalama azibweze kwa olowa chuma chake. Nditamva zimenezi ndinakumbukira mawu a akulu akuti mlandu suwola. Koma chimene agogo amachibwereza kwambiri ndi muyeso wa Maimonides wa kulapa kokwanira, wakuti munthu akumanenso ndi yesero lomwe lija, mphamvu zochimwira akadali nazo, koma alekeze.

Mwafunsa ngati n'zofanana ndi kwathu. Mbali ina inde, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ine mawu a pa Mateyu 5 onena za kusiya mphatso paguwa n'kuyamba wakayanjana ndi mbale wako. Kusiyana kwakukulu kwa chikhulupiriro kulipo, pakuti iwo sayika chitetezo chawo mwa Yesu. Kuyambira pamene Aroma anagwetsa Kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70, nsembe za pa Levitiko 16, kuphatikizapo mbuzi ija yotumizidwa kuchipululu, sizichitikanso, ndipo m'mapemphero a nyengoyi amati kulapa, pemphero ndi kuthandiza osauka ndizo zimachepetsa ukali wa chigamulo. Chimene ine ndimachisirira ndi chakuti kupepesa anakuikira nyengo yake pa kalendala, moti munthu sangazengereze mpaka kalekale n'kumati ndidzapita tsiku lina. Tsikulo limadziwika, ndipo limafika.

Sindikunena kuti onse amachita ndi mtima wonse. Alipo amene amangotumiza uthenga umodzi kwa anthu onse a mu foni, wakuti ngati ndinakulakwirani chilichonse mundikhululukire. Agogo akalandira uthenga wotere amapukusa mutu, amati mawu akuti ngati ndiwo pobisalira, chifukwa amene analakwadi amadziwa chimene anachita. Makolo a agogo anachokera ku Lithuania, monga Ayuda ambiri a ku South Africa kuno, ndipo kumeneko n'kumene mphunzitsi Israel Salanter, amene anamwalira mu 1883, anayambitsa gulu la Musar lolimbikitsa kukonza khalidwe pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Kudzifufuza kumeneku amakutcha cheshbon hanefesh, ndiko kuti kuwerengera moyo monga wamalonda amawerengera katundu wake madzulo. N'chifukwa chake agogo salonjeza zinthu khumi pa chaka chatsopano. Amasankha khalidwe limodzi, ndipo chaka chino anandiuza kuti asankha kusaweruza munthu asanamve mbali yake.

Pa Rosh Hashanah penipeni pali chisangalalo ndithu. Banja limasonkhana, amadya buledi wozungulira ndi maapulo oviika mu uchi popempha chaka chokoma, ndipo amalonjerana kuti shanah tovah, chaka chabwino. Masana ake ambiri amapita kumene kuli madzi kukawerenga mawu a pa Mika 7:19 onena za kutaya machimo m'nyanja yakuya. Komabe amakhulupirira kuti pa tsikuli mabuku amatsegulidwa kumwamba, chigamulo chimalembedwa, ndipo chimadindidwa pa Yom Kippur, tsiku la 10 la Tishrei. Masiku khumi amenewa amatchedwa masiku a kulapa, ndipo foni ya agogo sipuma chifukwa ndiwo mpata wotsiriza wofikira amene unawalakwira.

Yom Kippur ya 2025 inayamba madzulo a pa 1 Okutobala. Kwa maola pafupifupi 25 sadya, samwa ngakhale madzi, sasamba, sadzola mafuta, savala nsapato zachikopa, ndipo okwatirana sakhalira pamodzi. Ambiri amavala zoyera. Poulula machimo amadziguguda pachifuwa ndipo amanena mochulukitsa, kuti talakwa, tanyenga, taba, ngakhale amene sanabe, chifukwa amaima pamaso pa Mulungu ngati mtundu umodzi. M'mawa amawerenga Yesaya 58, pamene mneneri akudzudzula osala kudya amene akupondereza antchito awo, ndipo masana amawerenga buku lonse la Yona. Agogo ali ndi matenda a shuga, choncho dokotala ndi rabi, mphunzitsi wa chipembedzo chawo, onse anawauza kuti adye, pakuti m'chilamulo chawo kusunga moyo kumaposa kusala kudya. Ndinawapatsa chakudya pang'onopang'ono pa nthawi yake, iwo akudandaula, ine ndikuwakumbutsa kuti lamulolo ndi lawo lomwe. Dzuwa likamalowa pamakhala pemphero lotsiriza lotchedwa Neilah, la kutseka kwa zipata, kenaka shofar imalira ndipo anthu amapita kukadya.

Mwina mukufuna kudziwanso ngati ndinawakhululukira. Pakamwa ndinavomera tsiku lomwelo, koma mtima unatsalira m'mbuyo, ndipo sindikubisirani zimenezo, amalume, chifukwa miyezi isanu ndi umodzi yokhala ndi chinthu kukhosi siitha ndi kukambirana kumodzi. Lachiwiri lapitali kachikwama kawo ka ndalama kanasowa. Ndinali kukhitchini, ndinawamva akutsegula madirowa, ndipo thupi langa lonse linauma podikira funso lija. Anabwera mpaka pakhomo, anatsegula pakamwa, anatsekanso, kenaka anati akuganiza kuti aiwalanso pamene anaika chinthu, ndipo anapempha kuti ndikamaliza kusenda mbatata ndikawathandize kufunafuna. Tinakapeza pansi pa khushoni ya mpando umene amakhalapo powerenga.